Matope pa Mapazi Ake

Madzi atabwerera kwawo ku Ruo
tinatsekula chitseko cha tchalitchi ndi khasu.
Mabenchi anali ataunjikana pakona ngati mbuzi zozizidwa,
m'kabati ya makandulo munali mlamba wouma,
ndipo pakhoma, kuzungulira konse,
panali mzere wa matope, wowongoka kuposa wa mmisiri.
Unadutsa pansi pa mazenera,
unadula kalendala ya parishi pakati,
nukafika pa mtanda waukulu kuseri kwa guwa.
Ambuye anali atamira mpaka m'mawondo.

A Fombe, akatekisti athu, anagawa ntchito:
amuna mafosholo, atsikana kumjigo.
Ine anandipatsa ndowa, chiguduli
ndi kachidutswa ka sopo wa kukampu.
"Mayi Felista, inu musambitse Ambuye."

Ine?
Ine amene kolona yangogona m'thumba
ngati nthanga zosadzala
kuyambira usiku uja?

Usiku uja ndinali mumtengo wa mango,
mwana kumsana, wina pachifuwa,
linthumbu likutiluma, Makhanga yense akulira mumdima.
Zuze anatikweza, nabwerera kukamasula mbuzi.
"Ndikubwera," anatero.
Ndinayenda mikanda yonse kasanu, kakhumi,
mpaka chala chinachita dzanzi.
Kunacha.
Patapita masiku atatu mbuzi imodzi inapezeka ku Chiromo,
yamoyo, chingwe chili m'khosi.

M'matenti a ku Bangula sindinatukwane Mulungu.
Ndinangochita monga mkazi wolakwiridwa:
kuika madzi kubafa, osapereka moni.
Ku Misa ndinkapita, pakamwa nditatseka.

Tsono ndinagwada, osati kupemphera,
koma poti mapaziwo ali m'munsi.
Ndinayambira m'mawondo.
Matope ake ndinawadziwa fungo:
dothi la kudimba kwathu,
phulusa la m'makhitchini mwathu,
mankhusu a mapira a munthu wina.
Pakati pa zala ndinachotsa kaudzu ka denga.
Ndikutsika, chiguduli chinakodwa pa msomali.

Ndinakhala chete nthawi yaitali.
Panja mafosholo ankalira, dzuwa la kuchigwa likuwotcha malata.

Inu simunathawire kumtunda.
Mukanathawa bwanji, mapazi ali okhomedwa?
Ife tinali ndi mtengo wokwera,
Inu mtengo wanu unakugwirani pomwepo,
madzi akukwera mumdima,
madzi omwewo amene anadutsa ndi Zuze.
Kaya munamuona akudutsa?
Kaya anakuitanani?

Simunandiyankhe.
Koma ndinazindikira kuti ndayamba kuyankhula nanu,
ndipo misozi inali kugwera m'ndowa.

A Fombe atabwera anayang'ana, nati,
"Mwasiyako pang'ono, apa pansi pa msomali."
Ndinati, "Ndikudziwa."
Anandiyang'ana, nanyamula fosholo yawo.

Lero musandifunse chifukwa chake mbuzi inapulumuka.
Bambo mfumu anayesa kundifotokozera, ndinawathokoza.
Chimene ndaphunzira n'chochepa:
kupemphera kuli ngati kukumba nyika m'dambo chaka cha njala.
Umalowa m'madzi akuda, osaona pansi,
ng'ona uli kuiopa,
n'kumafufuza ndi phazi.
Chimene watola n'chowawa pakamwa,
koma ana amafika nacho pa mapira atsopano.

Loweruka lililonse ndimasesa tchalitchi.
Ndikatha ndimapita ndi phala kwa a Nyakhuwa,
amene madzi anawasiyira chifuwa ndi mphasa imodzi.
Ndimawasambitsa, kuyambira m'mawondo kutsika.
Amadandaula kuti manja anga ndi okhakhala.

Mumchenga umene unakwirira munda wathu
ndabzalamo mbatata, ndipo zagwira.
Mzere wa pakhoma anaupaka laimu,
koma mvula ikayandikira umaonekeranso.
Kolona ndaitulutsa m'thumba.
Masiku ena ndimafika kumapeto,
masiku ena ndimaima pa mkanda wachitatu,
n'kungokhala,
ine ndi Iye,
tonse awiri matope kumapazi.