Fomu Yachitatu

Shelefu ija inkagwedera kale,
tonse tinkadziwa.
Tinkangopinda katoni n'kuika kunsi kwa mwendo wake.
Lachiwiri lija ndinakwera pampando
kuti nditsitse fayilo ya malipiro a Juni,
mwadzidzidzi mapepala a zaka khumi
ananditsikira paphewa.

Kuchipatala anati fupa lang'aluka.
A Njobvu, bwana wathu, anabwera ndi nthochi zitatu
ndi funso limodzi:
“Anakuuzani ndani kukwera pampando?”

Tsopano ndimakwezedwa panjinga kuchokera ku Navutika,
mkono uli m'nsalu pachifuwa ngati khanda,
kukalondola chipukuta misozi.
Pawindo ili akuti chidindo cha dokotala sichikuoneka.
Pawindo ilo akuti mboni isaine.
Mboni yanga, Velenasi,
akuti ankaphika tiyi, sanaone kanthu.
Kontrakiti yake ikutha Disembala.
Sindimuda.

Fomu yachitatu ndalemba ndi dzanja lamanzere,
zilembo zokhota ngati za mwana wa giredi wani.
Akuti siginechayo si yanga.

Dzulo ndinasuzumira mu ofesi.
Shelefu aikhomera kukhoma
ndi misomali inayi yonyezimira.
Iyo yachira kale.