Mphuno ya Mayi Bernadine

Zaka khumi ndi zinayi ndakhala ndikujambula mphuno imodzi.
Si yanga. Ndi ya Mayi Bernadine,
mayi wa m'katuni wolankhula Chingerezi chimene sindimva,
wokhala m'tauni yomwe kulibe
ndi mwamuna wogulitsa matayala, ana awiri osakula,
ndi kamba amene amagona pansi pa firiji.

Malangizo amachokera ku Burbank ife tili mtulo.
Kuno ku Guro, pansanjika yachisanu ndi chinayi,
timawapeza m'mawa tikupemerera khofi.
Mphunoyo ndi yokhota ngati chigwiriro cha kapu.
Ndikhoza kuijambula nditatsinzina.

Sabata ino alemba kuti: ichotseni.
Bernadine wamva anzake akumujeda pa ukwati,
wapita kwa dokotala wa mano oyera mbee,
watuluka mutu uli bandeji yokhayokha,
pomasula, kamphuno ngati kanjere ka mpunga.
Ana ake akumulambalala pakhomo osamuzindikira.
Kamba wabweza mutu m'chigoba.
Apa anthu aseke, atero mawu a m'mphepete.

Ndinafufuta. Sizinatenge nthawi.
Magazi ayi, ulusi ayi, kutupa ayi.
Yong-tae wa desiki yoyandikana anasuzumira,
nati, "Wakongolatu,"
napitiriza kupaka thambo utoto.

Madzulo m'sitima ya pansi pa nthaka
nkhope zapachikidwa ziwiriziwiri:
kale, tsopano; kale, tsopano.
Ya kumanzere amaijambulira dala mumdima.
Ya kumanzere, siteshoni iliyonse, ikufanana ndi ine.

Kunyumba Da-on wayala kabuku pambali pa supu.
Mayeso atha. Anzake anayi apita kale ku Apgujeong.
"Ndi zikope zokha, Amayi. Kamzere kamodzi basi.
Inu mumajambula timizere zikwizikwi pa tsiku."
Anakweza chikope ndi chotokosera m'mano
kundionetsa mtsikana wina
amene wakhala akudikira kuseri kwa nkhope yake.

Maso amenewo ndi a bambo anga.
Ndi omwe ankawerengera mitambo ku Mokpo
asanamasule chingwe cha boti.
Sindinanene.
Akufa safunsira ntchito,
ndipo mwanayu ndi amene adzakhale pamaso pa mabwana
manja ali pamaondo, akumuyang'ana.
Ndinangoti, "Idya, supu ikuzizira."

Lachinayi tinafika kumapeto.
Mphindi ya makumi awiri ndi imodzi: Bernadine wayetsemula,
mphuno yakale yatumphuka, phu!
Banja lakumbatirana,
mwamuna akuti ankaikonda momwemo,
kanyimbo, mayina akukwera.
Sabata yamawa palibe adzakumbuke.
Kumeneko nyumba ikapsa Lamlungu
Lamlungu linalo ili chilili, makatani omwe aja.
Ndinaibwezera ndekha mphunoyo,
ndinachedwa nayo,
ndinaikhotetsa pang'ono kupitirira muyezo.
Oyang'anira sanaone.

Loweruka kunagwa chipale chofewa.
Ndinalipira ndi khadi, miyezi isanu ndi umodzi,
ndalama za mphuno ya mzimayi amene kulibe.
Ndinakhala m'chipinda chodikirira,
jekete la Da-on pamiyendo, likadali lofunda.
Mayi wina moyang'anana nane ankasenda nachesi
osadya, kumangoyala tizidutswa pa bondo.

Kuseri kwa lisiti
ndinayamba kujambula maso a mwana wanga
momwe analili m'mawa uno pomanga nsapato.
Dzanja linaima.
Kodi lakumanja lija limatsika pang'ono, kapena ndi lakumanzere?
Kadontho kakuda kaja kali pansi pa liti?
Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu ndikuwaona pa tebulo limodzi.
Ndinafufuta, ndinayambanso,
ndinafufuta mpaka pepala linabooka,
ndipo dzanja, litasiyidwa lokha,
linapinda mzere womwe limaudziwa:
chigwiriro cha kapu.

Namwino anatsegula chitseko.
"Kholo la Da-on?
Atha. Mubwere ndi magalasi akuda aja."