Zitseko Ziwiri ku Sakai

Ku ofesi ya mzinda
mkulu wa magalasi anawerama mwaulemu:
"Mayi Kuroda, malo kusukulu ya mkaka
timayamba kupatsa amene ali kale pantchito."

Kufakitale ya mipeni anaweramanso:
"Mukapeza womusiyira mwana, mubwere."

Zitseko ziwiri,
chilichonse kiyi wake ali kuseri kwa chinzake.

Itsuki wagona kumsana, dovu likuyenderera
pa jekete yomwe ndinasita usiku.
Bambo ake amabwera ndi sitima yomaliza
atatheratu ngati sopo.
Mayi anga ali ku Aomori, mawondo anakana.

Satifiketi yanga ya akawunti
ili m'kabati, pansi pa matewera.
Komabe kuwerenga sindinasiye:
masitepe a pasiteshoni,
makumi atatu ndi asanu ndi limodzi,
chikuku chili m'manja.