Chala Chachikulu cha Mlonda

Pa nsanjika yachinayi magetsi sathima.
Ine ndili pansi, pakhomo lagalasi, ku Braamfontein,
kulemba mayina a olowa m'buku lothimbirira
ndi kuwerenga matekisi omaliza a usiku.

Kumwambako kuli ana asanu ndi mmodzi,
ndevu zikadali zoyepula, khofi wozizira m'makapu apepala.
Akumanga msika wosaoneka ndi maso:
iwe uike marandi makumi awiri, mnzako aikenso,
mupikisane pa foni mphindi zitatu,
wachangu akokole zonse
kupatula kachibenthu ka eni msika.

Refilwe, bwana wawo woyenda ndi nsapato zothamangira,
adatsika usiku wina kudzapuma mphepo.
Malume, tandibwerekani foni yanuyo.
Si njuga iyi, adatero, ndi luso.
Muno mwayi sulowa, chala chanu ndicho khasu lanu.

Ndidaseka.
Kwathu ku Lizulu atsibweni adatsala wapansi,
njinga itapita pa makadi,
nawonso ankati ndi luso.

Koma usiku wa Juni kuno ku Joni ndi wautali,
chisanu chimaluma mpaka m'mano,
ndipo mlonda akagona watha ntchito.
Ndidayamba.
Timiyala tamitundu tikugwa pagalasi,
tofiira kwa tofiira, tobiriwira kwa tinzake,
chala chikupalasa ngati nkhuku padzala.
Sabata yoyamba ndidapha mazana atatu.
Ndidatumiza kwa Nasibeko agulire ana makope,
ndidamuuza kuti ndi ovataimu.

Kenaka kudatulukira wina, dzina lake Tsache.
Ndani m'dziko la eni ake lino
angadzitche dzina la kwathu?
Ikangokwana thuu koloko, uyo wafika.
Adandisesadi.
Makumi awiri, makumi awiri, makumi awiri,
mpaka ya lendi ya kachipinda kanga ku Yeoville
idayamba kuoneka nthiti.

Ndidamuimitsa Refilwe pa lifiti:
kodi si makina anu akundidyera?
Adatsegula laputopu, mizere yokwera ndi yotsika.
Ndi munthu, Malume. Timakusankhirani ofanana mphamvu.

Ofanana mphamvu.
Akadangonena kuti ofanana njala.

Lachinayi lina ndikugwedeza zitseko,
foni m'manja, mpikisano uli mkati,
ndidaona kuwala m'kachipinda ka mopu ndi sopo.
Mayi Lekereni, okolopa makolido,
amene tinkangopatsana moni wachizulu chothyoka,
adakhala pa ndowa yovundikira,
magolovesi atayanika pabondo,
chala chikuthamanga ngati singano ya telala.
Foni yanga idalira kuti ndagonja.
Yawo idaimba kanyimbo.

Tsache? ndidatero.
Adadzuka, dzanja pakamwa.
Kani ndinu akwathu! Ine wa ku Phalula.
Mtsikana wanga ali folomu filii, fizi yavuta.

Sitidakangane. Tikanganirenji?
Tidatenga bolopeni, kuseri kwa buku la alendo,
kuwonkhetsa mwezi wonse:
zanga zidapita kwa iwo,
zawo zina zidabwerera kwa ine,
koma pa ulendo uliwonse kena kankatsika panjira,
kukwera lifiti kopanda kusayina,
mpaka pa nsanjika yachinayi.

Sindikuti anawo ndi akuba.
Ndidaonapo mmodzi akulira pamasitepe
tsiku limene mwini chuma adakana kuwonjezera.
Nawonso ali ndi wowasankhira ofanana mphamvu.

Ndinganame, sindidafufute kanthuko.
Mayi Lekereni tsopano amandisiyira tiyi pawindo,
ine ndimawaperekeza pokwerera kukamacha.
Tidapangana: tisakumanenso m'menemo.

Koma ikakwana thuu koloko
chala chimayabwa chokha m'thumba la jekete,
ndipo kwinakwake, ku Tembisa kapena ku Diepsloot,
wina wofanana nane
wayatsa kale foni, akundidikira.