Tinawaika Lachinayi

Lole ya boma inatula mabuku atsopano Lolemba,
mitambo itada kale cha ku Ntchisi.
A hedi, a Chiphwanya, anandiponyera kiyi:
"Aphunzitsi, mashelefu akhale oyera pofika mawa."

Masamu a silabasi yakale ndinataya osaphethira,
mapu a mayiko omwe anasintha mayina, chimodzimodzi.
Koma pashelefu yapansi, pomwe denga limadontha,
dzanja langa linaima lokha.

Mabuku a zikuto zakuda, misana yothyoka,
chiswe chitadya pakati n'kusiya m'mphepete;
a nyimbo za kwaya, masamba atamatirirana ndi chinyontho;
ndi atatu obiriwira, a zilembo zoyambira kumanja,
amene sinditha kuwerenga
ngakhale ndadya choko pa Linga pano zaka khumi ndi zinayi.
Limodzi linali ndi dzina, inki itafiira:
Evelesi Kaliwo, Sitandade 5,
ndi nthenga ya nkhanga pomwe analekezera.

Ndikudziwa kumene mapepala a pasukulu amathera.
Pageti amakulungira zitumbuwa,
mafuta n'kuboola mawu mpaka kuonekera kuseri.
Ena amapichira chingambwe.
Kwinako, kuseri kwa mpanda, tisakutchule.

Mlonda wathu, a Swaleyi, anandipeza nditakhala pakatoni.
Ataona obiriwirawo anati, "Dikirani."
Anapita pamjigo, anasamba mpaka m'zigongono,
anabwera nawanyamula monga munyamulira khanda la eni.
"Mawu akakalamba saponyedwa," anatero,
"amaikidwa."

Tsono tsiku.
Lachisanu a shehe sangabwere.
Lamulungu ansembe ali paguwa.
Loweruka a Mankhusu a Sitandade 7 anakana kwamtuwagalu,
sagwira khasu pa Sabata.
A Chiphwanya anaseka mpaka kutsokomola:
"Maliro a mapepala?
Boma silinatumize ndalama ya nsalu."
Bafuta ndinagula ndekha, mamita awiri,
ndalama yomwe ndinasungira sopo.

Lachinayi, belu lowerukira litalira,
anyamata anakumba maenje awiri pansi pa m'bawa,
kutali ndi njira ya mbuzi,
lina la akuda, lina la obiriwira,
monga akuluakulu anagwirizanira.
Koma inali itagwa usiku wonse.
Dothi la pakati linangoti phwa,
maenje awiri n'kukhala limodzi.

Zii.
A shehe anayang'ana ansembe,
ansembe anayang'ana nsapato zawo.
Mwana wina anayamba kuseka, mnzake n'kumutsina.

A Swaleyi sanafunse munthu.
Analowa m'kalasi, anatuluka ndi thabwa la desiki yothyoka,
lolembedwa mayina a ana ndi kampasi,
analiimika pakati pa dzenje
n'kulipondera dothi ndi chidendene.

Aliyense anapemphera m'chinenero cha pemphero lake,
wina manja m'mwamba, wina maso otsinzina,
ana akumvetsera konsekonse.
Ine ndinagwira ambulera ya ansembe
osadziwa kuti ameni wanga ndimuike pati,
ndiye ndinamunena kawiri.

Tinakwirira. Tinasanjapo njerwa zosawamba.
Palibe analira,
koma a Chiphwanya, ndinawaona, anavula chipewa.

Lero mashelefu akununkha pulasitiki.
Mabuku atsopano ndawadinda, ndawapatsa manambala.
Nthenga ija sindinaikwirire,
ili mu rejisitala yanga pa tsamba la mwezi uno,
ndipo ndafunsa pamsika za Evelesi Kaliwo:
wina akuti anakwatiwa ku Dwangwa,
wina akuti anatisiya chaka cha kolera.

Ndikamadutsa pam'bawa popita kukalasi
ndimachepetsa liwiro.
Ndimaganiza za thabwa lija pansipo.
A Swaleyi akudziwa, a shehe akudziwa, ansembe akudziwa
zomwe chiswe cha pa Linga chimachita ndi matabwa
mvula isanathe.
Palibe anatchulapo.