Keyala Yolira Ngati Nkhululu

Ndine mlonda pa esiteti ya tiyi,
zaka khumi ndi zisanu ndakhala ndikudyera khutu.
Phazi la mbala ndimalisiyanitsa ndi la galu,
koma Loweruka lija pa Chitakale
khutu langa linasanduka mlendo.

Idesi anaimba ali ku Debeni:
“Ababa, ndalama ilipo, koma si yapepala,
ndi ija yogona m'foni, yopanda nkhope ya munthu.
Pitani kwa Fanuwelo wokonza mafoni,
andipatse keyala yake, inu akupatsani makwacha.”

Keyala? Ine ndinkadziwa ya ku positi,
manambala awiri ndi dzina la sukulu.
Iyi inali mzere wa linthumbu,
zilembo makumi anayi ndi kuposera, zosatchulika.
Intaneti inali itagona chigonere m'mawa,
meseji nayo inkakana kuwoloka malire.
Fanuwelo anayesa kuwerenga pa kafoni kanga ka mabatani.
“Mwati bi kapena di?”
Anapukuta thukuta ndi malaya.
“Madala, chilembo chimodzi chikaphonya
ndalama yapita ndi Ruo,
kulibe ofesi yokalirako.”

Kenaka anati, “Iyankhule yokha.”
Anagundanitsa foni yake ndi yanga,
kamwa pa khutu ngati amiseche pamaliro,
nadina.
Tswii, tiriri, tswi-tswi, tiii.
Nkhululu masana, m'kati mwa galasi losweka!
Kutsidyako Idesi anatchera foni ya mnzake kuti imvere.

Chigayo cha kuseri chinalowerera nkhani.
Foni ya ku Debeni inakana.
Kachiwiri, wakabaza anabangula ndi njinga yake.
Inakananso, yamakani ngati kalaliki wa sikelo.
Kachitatu mvula inatsika m'phiri
n'kuyamba kusinja pamalata.

Ndinavula chikhoti changa cha ulonda,
chija chonunkha utsi ndi mame,
tinafunda awiri, mitu pamodzi, mpweya tagwira,
munthu wa imvi ndi mnyamata wa ndolo
kulondera kulira kwa kachirombo.
Tswii, tiriri, tswi-tswi, tiii.
Zii.
“Yalowa!” anakuwa Idesi. “Ababa, amayi ali bwa...”
Mayunitsi anathera pomwepo.

Tinadikira. Fanuwelo anadya nanazi, ine ayi.
Foni itanjenjemera anatsegula kabati
n'kundiwerengera, akunyowetsa chala:
za mankhwala a shuga a mayi ake,
thumba limodzi la feteleza,
yotsala ya minibasi.

Zonse zinafika, osasowa ndi tambala yomwe.
Chinatsala m'njira ndi theka la funso lija.

Tsopano usiku ndikakhala pa geti,
tochi ili pamwendo, tiyi ali mbuu ndi nkhungu,
nkhululu zikayamba m'mizere monsemo
ndimazimvera mosiyana ndi kale.
Iliyonse ikutchula keyala yake mosaphonya,
kubwereza, kubwerezanso mpaka mbandakucha,
ndipo sindidziwa ngati kutsidya
alipo watchera khutu.