Dzenje Lotayamo Mawu

Ku Gdańsk mdima wa m'chisanu sudikira.
Folo koloko isanakwane magetsi a padoko ayaka kale,
ine n'kutsikira m'chipinda cha pansi
momwe mafani a maseva amalira ngati njuchi zosadziwa tulo.

Usiku uliwonse sikiripiti yanga imagogoda pa makomo makumi anayi,
ku Gdynia, ku Szczecin, khomo lina kutali ku Rotterdam.
Lililonse likatseguka limayamba ndi malonje:
takulandirani, munabwera komaliza Lachiwiri,
wopanda chilolezo asalowe.
Onse makumi anayi, mawu omwewo,
m'mawa bokosi langa la makalata litasefukira.

Zdzisław, amene ndinamulowa m'malo, ndiye anandionetsa dzenje.
Anaweramira paphewa panga, akununkha fodya ndi khofi wozizira,
n'kulemba kumapeto kwa mzere:
> /dev/null 2>&1
"Chogwera umu," anatero, "sichimveka n'kugunda pansi komwe."

Ndinagona tulo tokoma miyezi itatu.

Nkhokwe ya deta ili ndi khalidwe lake.
Kontena ikatsika m'sitima, nkhokweyo sithamangira ku disiki.
Imayamba yalemba m'kaundula, mwachangu,
ngati wamalonda wolemba ngongole pachikhatho,
kenaka nthawi ikakwana imaima,
imakhuthula zonse za m'mutu
n'kukhoma chikhomo: kufika apa, zasungika.
Magetsi akazima imabwerera pa chikhomo chomaliza
n'kuyambira pomwepo kulondola mapazi ake.

Pa 9 Novembala kalaliki wina anayamba kulemba kontena ya nsomba,
foni inalira, anapita kwawo osamaliza.
Ntchito yosatsekayo inagwira chikhomo mwendo.
Kaundula ankangotalika.
Seva ya ku Gdynia inkandiuza, sinaphonye usiku n'umodzi womwe,
kamzere kamodzi kobisala pakati pa malonje,
ine n'kumakaponya m'dzenje
pamodzi ndi "takulandirani."

Namondwe anabwera mu Disembala, kuchokera kunyanja ya Baltic.
Magetsi anathima mphindi zinayi zokha.
Atayaka, nkhokwe inabwerera m'mbuyo masabata asanu
n'kuyamba kuwerenga, kontena ndi kontena, osadumpha,
pakuti iyo sidziwa kunama.
Maola khumi ndi limodzi.
Malole anandanda mpaka kuseri kwa geti,
madalaivala akuponda chipale ndi nsapato kuti zala zisafe.
Halina wa ku ofesi ya katundu anaima kumbuyo kwanga,
chikho m'manja, osanena kanthu,
ndipo chete wakeyo ndinamumva m'khosi.

Vuto silinali dzenje.
Makina ali ndi pakamwa pawiri:
poyamba potulukira nkhani wamba, pachiwiri potulukira kubuula.
Ine ndinamanga ponse pawiri ndi chingwe chimodzi.
Ndinafufuta zilembo zinayi basi.
Moni azipita kudzenje. Kubuula kuzibwera kwa ine.

Lamlungu bambo anga anaimba kuchokera ku Elbląg,
monga achitira Lamlungu lililonse.
Kawirikawiri foni ndimaisiya patebulo,
ndikutsuka mbale, ndikuti eya, eya,
pakuti nkhani zake ndimazidziwa pamtima:
malasha akwera mtengo, mphaka wa aneba, mphepo ya kumpoto.
Tsikuli ndinatseka mpopi.
Ndinakhala pansi, manja akudontha madzi.
Malasha. Mphaka. Basi nambala seveni yasintha njira.
Ndiye, pakati pa basi ndi mphepo, mwa mawu omwewo:
"Mwendo wamanzerewu ukumachita dzanzi, koma si nkhani."
N'kupitiriza za mphepo.

Ndinafunsa kuti kuyambira liti.
Anaseka. Anati ha, ndakhala ndikukuuza.

Sindikudziwa chikhomo chathu chomaliza tinachikhoma liti, ine ndi iwo,
mwina pa maliro a amayi, mwina kale kuposa apo.
Sitima ya ku Elbląg imanyamuka eyiti koloko isanakwane.
Ndalongedza malaya awiri ndi mswachi.
Kaundula ndi wamtali,
ndipo ndikawerenga osadumpha.